Lamulo la Kumanzere ndi Kumanja

Desiki yanga inali pakati. Kumanzere kwanga kunkakhala a Ndiyekuti, kumanja kwanga mkazi wawo, Onetsanjira, moti chilichonse chimene awiriwa ankaponyerana chinkadutsa pamutu panga. Ofesi yathuyo inali kachipinda ka kumapeto kwa khonde, koyandikana ndi labu yanga, momwe kale ankasungiramo matsache ndi mipando yothyoka. Ahedi anangothithikizamo madesiki atatu, kabati ya choko ndi kabolodi kakang'ono, n'kulemba pachitseko kuti Masamu ndi Sayansi. Zenera linalipo limodzi, loyang'ana kubwalo la mpira.

Maina amenewa anatipatsa ndi ana a sukulu, omwe pa nkhani yopeka maina salephera mayeso. Bamboyo sankamaliza chiganizo osanena kuti "ndiye kuti", ngakhale popempha shuga. Mayiyo, yankho lako likhale lokhoza bwanji, akapanda kuona mmene walipezera ankalidula ndi cholembera chofiira n'kulemba m'mbali kuti onetsa njira. Ine ankanditcha Asidi. Ankati ndi chifukwa cha mabotolo a mu labu, koma ndimadziwa kuti ankanena pakamwa pangapa.

Onse awiri ankaphunzitsa masamu, ndipo banja lawo ankalinyadira ngati ukwati anaupeka ndi iwo. Ankati enafe mabanja amatikanika chifukwa timawayendetsa ndi mtima, chinthu choti sungachiyeze. Ine amene langa linatha kalekale ankandimvera chisoni ngati mwana wobwereza kalasi. Iwo anali ndi lamulo lawo, lomwe lija ankalemba pabolodi pophunzitsa samu ya mbali ziwiri: chimene wachita kumanzere, chitanso kumanja. Wina akalakwira mnzake, wolakwiridwayo sankakalipa, sankalira, sankafunsa n'komwe. Ankangobwezera kamodzi, pa mlingo womwewo, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Si ife tinayambitsa, alamu," ankandiuza a Ndiyekuti, omwe ankanditcha alamu poti ine ndi mkazi wawo tinali ngati pachibale. "Akatswiri anaika m'kompyuta njira zosiyanasiyana zokhalira ndi munthu, n'kuzipikisanitsa. Inapambana ndi yophweka: yamba ndi zabwino, kenako uzichita chimene mnzako wakuchitira. Ndiye kuti munthu umam'khulupirira chifukwa akudziwa kuti akalakwa zim'bwerera, iyenso amakukhulupirira podziwa kuti sudzawonjezera."

"Nanga kupepesa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Pepani salemera kanthu. Kamuikeni pa sikelo ya mu labu yanuyo muone ngati igwedezeke."

Chondipsetsa mtima chinali chakuti zinkayenda. A Ndiyekuti akaiwala kukam'tenga mkazi wawo kumsika pa njinga yawo yamoto, mawa lake mkaziyo ankaiwala kuwatengera chakudya chamasana, iwo n'kumameza mate ife tikudya. Pofika madzulo umawamva akuseka pakhonde. Onetsanjira akanena mawu owanyoza pamaso pa aphunzitsi ena, a Ndiyekuti ankadikira msonkhano wotsatira n'kum'bwezera chiganizo chimodzi, kutalika kwake komweko. Palibe ankagona ndi mangawa. Ine ndinkachita nsanje, ndisakubisireni.

Zinasokonekera pa holide yaikulu. A Ndiyekuti anasankhidwa kukachonga mayeso a boma kutali, komwe aphunzitsi amakagona pasukulu ina mpaka mapepala atatha. Ali komweko, Onetsanjira anapita kuchipatala ndipo anamuuza kuti ali ndi pakati. Anali atadikira zaka zambiri mwana ameneyu, moti anatuluka pachipata cha chipatalacho foni ili kale kukhutu. Inaitana osayankhidwa, anaimbanso, n'kuimbanso. Kenako anayankha munthu wamkazi.

"Eni ake sangayankhe, atanganidwa kwambiri," anatero mayiyo, uku akuseka ndi wina cha pambali. "Ndiwauze kuti mwaimba ndinu ndani?"

Onetsanjira anadula foni n'kubwera kunyumba kwanga. Anakhala pa mpando wa kukhitchini, nandiuza zonse ziwiri, za mimba ndi za mawu a mkaziyo, ndi nkhope yomwe amalengezera zotsatira za mayeso.

"Iwe, mufunse mwamuna wako," ndinatero. "Pakamwa uli napo."

"Kufunsa n'kumupatsa mpata wokonza bodza. Lamulo lathu silifunsa. Akudziwa chimene wachita, ndibweza kamodzi, aona, zithera pomwepo."

"Za mwanayu umuuza liti?"

"Zikalingana. Sindikufuna mwana wanga abadwire m'nyumba yopendekeka."

Ndinaona pomwepo kuti banjali likhoza kutha mwanayo asanabadwe, ndipo ndinachita mantha. Ndinamuuza kuti ndi wopusa, iye n'kundiyankha kuti za banja asandiphunzitse munthu amene linandikanika. Tinamwa tiyi wathu titakhumudwitsana.

Teremu itatsegulidwa, Onetsanjira anasankha chida chake. Pasukulupo panali aphunzitsi a zamasewera, a Wezulo, bambo wa chifuwa chachikulu ndi mutu wopepuka, amene ankavala kabudula ngakhale kuzizire bwanji. Tsiku lina masana a Ndiyekuti anaimbira foni mkazi wawo kufunsa komwe kunali makiyi a kabati. Onetsanjira anali kubwalo akuyang'anira ana. Anayang'ana foniyo, n'kuipereka kwa a Wezulo.

"Tandiyankhirani, m'manja mwanga muli fumbi la choko."

"Madamu atanganidwa kwambiri!" anakuwa a Wezulo, osadziwa kuti akuwagwiritsa ntchito ngati chikwapu. "Ndiwauze kuti ndani?"

Ine ndinali mu ofesi pamene a Ndiyekuti ankamva zimenezi. Anaika foni pa desiki pang'onopang'ono, anayang'ana pazenera nthawi yaitali, kenako anatenga cholembera n'kuyamba kuchonga makope ngati palibe chachitika. Onetsanjira analowa mtima uli m'malo, poganiza kuti wamaliza. Koma kwa a Ndiyekuti, amene sankadziwa kuti pali chimene akuimbidwa nacho mlandu, uku kunali kulakwa koyamba, ndipo lamulo linkati abweze.

Anabweza mlungu womwewo. Kulaibulale kunali mtsikana wina wongoyamba ntchito, waulemu, wa magalasi aakulu. Poweruka, a Ndiyekuti anaimitsa njinga yamoto pachipata, pomwe ana onse amatulukira, n'kum'kweza mtsikanayo. Anamuveka chipewa cha panjinga cha mkazi wawo, chofiira chija, namumangira lamba wake pansi pa chibwano ndi manja awo. Onetsanjira anaima pakhonde ndi mulu wa makope m'manja. Anapita kunyumba pa minibasi.

"Wandilakwiranso kachiwiri," anandiuza mmawa wake. "Ndinabweza, m'malo molandira wawonjezera. Ndi chipewa changa, Asidi! Chipewa chimene chimanunkhira mafuta a tsitsi langa!"

"Mwina sakudziwa kuti unkabweza."

"Mphunzitsi wa masamu osadziwa kuwerenga? Akudziwa."

Kuyambira pamenepo sindinathenso kutsatira kuti akubweza ndani ndipo akuyamba ndani. Timu ya sukulu itapita kukasewera kwina, Onetsanjira, amene sadziwa ngakhale kuti mpira umaseweredwa ndi anthu angati, anakwera nawo basi, anakhala mpando umodzi ndi a Wezulo, n'kubwerako atavala jekete lawo poti kunkazizira. A Ndiyekuti anayamba kudyera chakudya chamasana kulaibulale, kumene saloleza ngakhale kutafuna chingamu. Onetsanjira anachonga makope a kalasi yake atakhala pa benchi ya kubwalo, a Wezulo atamugwirira ambulera. A Ndiyekuti anagulira mtsikana uja keke pa tsiku lake lobadwa n'kuitana aphunzitsi onse kupatula mkazi wawo. Palibe mmodzi wa iwo anagona kunja kapena kugwira munthu dzanja. Onse ankaonetsetsa kuti akubweza pa mlingo womwewo, koma mlingowo unkangokwera.

Mu ofesi munkachita kuwawa. Anasiya kulankhulana, n'kundisandutsa ine foni yawo.

"Alamu, auzeni anzanuwo kuti choko cha mtundu si cha munthu mmodzi."

"Asidi, uwauze aphunzitsiwo kuti choko cha mtundu akachipemphe kulaibulale, kumeneko amawapatsa zonse."

"Alamu, afunseni ngati jekete lija analibweza, kapena lasanduka yunifomu."

"Inu nonse," ndinatero, "ine boma limandilipira kuphunzitsa ana, osati kunyamula malovu anu."

Ngakhale ana anavutika nazo. Mtsikana wina wa kalasi yomaliza anapeza yankho lokhoza osaonetsa njira. A Ndiyekuti anam'patsa malikisi onse. Pepalalo litafika kwa Onetsanjira kuti alionenso, anadula malikisiwo mpaka cholembera chinaboola pepala. A Ndiyekuti anawabwezeretsa ndi inki yobiriwira. Mwanayo analandira pepala lake lili ngati lapondedwa ndi nkhuku, n'kubwera kwa ine akulira kudzafunsa ngati wakhoza kapena walephera.

Ndinaganiza zowachiritsa ndi sayansi, poti chinenero china sankamva. Ndili ndi kasewero kamene ndimachititsa ana ndikamaphunzitsa za mphamvu. Ana awiri amakhala moyang'anizana, woyamba amadina chikhatho cha mnzake ndi chala pang'ono chabe, mnzakeyo n'kubweza ndi mphamvu yomweyo, osawonjezera, osachepetsa. Amasinthana choncho. Sipatenga nthawi kuti wina akuwe, chifukwa chala chako ukamadina umachimva chopepuka, pamene cha mnzako chikakudina chimakulemera. Aliyense amalumbira kuti anangobweza.

Pa nthawi yopuma ndinatseka chitseko n'kukankhira desiki yanga kukhoma.

"Khalani apa nonse. Ndikufuna mundithandize kuyesa phunziro la mawa."

Anakhala monyinyirika, aliyense kuyang'ana kwake. Ndinawafotokozera. A Ndiyekuti anayamba, anakhudza chikhatho cha mkazi wawo ngati akuchotsa kachitsotso. Onetsanjira anabweza. Iwo anabweza. Poyamba ndinaona ngati pakamwa pa mnzangayo pakufuna kumwetulira, poti panali patapita nthawi asanakhudzane. Koma zala zinayamba kuyera kunsonga, mitsempha ya m'manja kutuluka, desiki kugwedezeka. A Ndiyekuti anadina mpaka dzanja la mkazi wawo linagunda thabwa. Onetsanjira anabweza ndi chikhadabo, magazi n'kutuluka.

"Mwaona?" ndinatero mokondwa. "Aliyense amaona ngati akubweza chimodzimodzi, koma thupi limanama. Cha mnzako chimapweteka kuposa chako. Ndi zimene mukuchitirana m'nyumba mwanu."

"Ine ndinabweza ndendende," anatero a Ndiyekuti akuyamwa chikhatho. "Ndiye kuti wowonjezera ndi uyu."

"Wabodza! Munayamba kulemeretsa ndinu, ulendo wachitatu!"

"Alamu, kayesedwe kanu n'kolakwika. Munayenera kuika sikelo pansi pa dzanja."

"Zoona," anatero Onetsanjira. "Sayansi yanji yopanda choyezera? Ukunamiza ana a eni ake."

Teremu yonseyo, chinthu chokha chimene anagwirizana chinali chakuti ine sindidziwa ntchito yanga. Ndinabwezera desiki yanga pakati ndikutukwana chamumtima.

Choonadi chinatulukira m'chipinda cha aphunzitsi, pa tiyi, popanda wochifufuza. Mayi wina wachikulire wophunzitsa mbiri yakale, amene anali nawo kochonga mayeso kuja, ankadandaula za mmene anawasungira kumeneko.

"Anatilanda mafoni ngati ana," anatero. "Mmawa uliwonse timawasiya m'katoni pakhomo la holo, kwa mayi wina wolondera. Mayi wake wolongolola! Foni ikalira kwambiri ankangoyankha yekha kuti eni ake atanganidwa. Amuna anga anayankhidwapo, mpaka lero amandiseka."

Ndinasiya kapu yanga ili yodzaza. Ndinathamanga khonde lonse, ine munthu wa mawondo ovuta, ndikuganiza kuti lero banja la anthu lapulumuka. Ndinawapeza onse awiri mu ofesi, aliyense atazika mutu m'makope, ndipo ndinakhuthula nkhani yonse ndikupuma mwawefuwefu: za katoni, za mlonda wolongolola, za foni imene Onetsanjira anaimba pa holide.

Onetsanjira anagwira pakamwa. Maso ake anadzaza misozi. A Ndiyekuti anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wawo, kenako anaimirira n'kupita pa kabolodi kaja. Ndinkayesa akupita kukam'gwira paphewa. Anatola choko.

"Ndiye kuti ine sindinalakwe," anatero, akujambula mzere pakati pa bolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Ndiye kuti za a Wezulo kuyankha foni sikunali kubweza. Kunali kuyamba. Ndiye kuti woyamba ndi inu, mayi. Inu mwamenya, ine ndabweza, inu mwamenya, ine ndabweza." Ankaika timizere uku ndi uku. "Chomaliza chinali chanu, dzana, pamene munawasokera batani a Wezulo pamaso pa ana. Ndiye kuti ine ndatsala ndi imodzi."

"Alamu, khalani pansi," ndinatero. "Simukumva zimene ndanena? Panalibe wolakwa!"

"Masamu alibe zimenezo. Mbali imodzi yalemera."

Onetsanjira anaimirira.

"Pepani, bambo. Ndinalakwitsa. Ndikanakufunsani."

Ine ndinadziwa mmene mawu amenewa anamuwawira potuluka, mkazi amene sanapepesepo ngakhale kwa ahedi. Mwamuna wanzeru akanaponya choko pansi. Koma a Ndiyekuti anali atapsa mtima teremu yonse popanda kudziwa chifukwa chake, ndipo tsopano anali atapeza kuti olungama ndi iwo. Kukoma kwa zimenezo kunawaledzeretsa.

"Pepani ndimulemba mbali iti?" anafunsa akuloza bolodi. "Tinagwirizana kuti salemera."

"Mukudziwa chimene ndinkaimbira foni tsiku limene lija?" anatero Onetsanjira. "Ndinali pachipata cha chipatala. Ndinkafuna ndikuuzeni kuti ndili ndi pakati."

Nkhope ya a Ndiyekuti inawala, ndinaiona ndi maso angawa, inawala ngati ya mnyamata. Anayang'ana pamimba pa mkazi wawo, pomwe diresi lotaya lija linkabisa, ndipo milomo yawo inayamba kumwetulira. Nthawi yomweyo kubwalo kunalira wezulo. Anatembenukira kuzenera, anayang'ana kabolodi kawo, kumwetulira kuja n'kuzima.

"Mwayi woti mimbayo ndi yanga," anatero pang'onopang'ono, "ndi theka."

Ndinafuna kuwagenda ndi botolo la inki.

"Inu bambo inu, mulibe manyazi? Kuwerenga miyezi mumadziwa! Mimbayi inalipo a Wezulo asanagwire n'komwe foni ija!"

"Ndikudziwa, alamu. Mwanayo ndi wanga, sindikukayika ngakhale pang'ono." Anaika kamzere komaliza kumbali yawo, n'kusasa choko m'manja. "Ndinatsala ndi imodzi, ndabweza. Ndiye kuti zalingana. Tsopano tikhoza kuyambiranso bwinobwino."

Ankakhulupiriradi zimenezo. Ankaona ngati mawu amenewa ndi ofanana kulemera ndi batani la malaya. Onetsanjira sanalire, sanakuwe. Anatola makope ake ndi cholembera chofiira, n'kupita kukaphunzitsa, poti belu linali litalira.

A Ndiyekuti pansi pa mtima ankadziwa kuti apyola muyezo, chifukwa kuyambira tsiku limenelo anayamba kudikira. Ankalowa mu ofesi akuyang'ana uku ndi uku. Mkazi wawo akatuluka, ankasuzumira pazenera kuona ngati walowera kubwalo. Pa msonkhano wa aphunzitsi, Onetsanjira akakweza dzanja, iwo ankauma thupi kudikira chipongwe, koma iye ankangofunsa za ndandanda ya mayeso. Jekete la a Wezulo analichapa n'kulibweza kudzera mwa ine. Kubwalo sanapondeko. Mmawa ankati, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" ngakhale anadzuka nyumba imodzi, ndipo choko cha mtundu ankawasiyira pa desiki asanapemphe.

Patapita milungu, mantha a a Ndiyekuti anasanduka chimwemwe. Anandipeza mu labu ndikutsuka mabotolo.

"Alamu, wandikhululukira."

"Wakuuzani?"

"Sanabweze. Ndipo n'zogwirizana ndi masamu. Akatswiri aja anapezanso kuti pakachitika kusamvetsetsana, anthu awiri obwezerana samalekeza, pokhapokha mmodzi alole imodzi idutse. Ndiye kuti mkazi wanga wawerenga bwino, walola idutse. Ndi mkazi wanzeru kwambiri."

"Bwanji inu simunalole yanu idutse, poti mumadziwa zonsezi?"

"Inali nthawi yanga yobweza," anatero, akudabwa kuti ndikufunsa chinthu chodziwikiratu.

Anasintha, ndisawanamizire. Kulaibulale anasiya kupitako, moti mtsikana wa magalasi uja anapeza mtendere. Njinga yamoto ankaiyendetsa pang'onopang'ono, kuzemba maenje onse. Anagula beseni la mwana, matewera, kabulangete kachikasu, n'kumabwera nazo ku ofesi kudzationetsa tisanaweruke. Onetsanjira ankayang'ana chilichonse n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mwachita bwino," ngati akuthokoza munthu amene wamupatsa malo m'basi. Ine ulemu umenewu unkandiopsa kuposa matukwano aja.

Ndinamukokera mu labu tsiku lina n'kutseka chitseko.

"Iwe, ukukonza chiyani? Ngati ukufuna kum'bwezera, bweza msanga, munthuyu akuona ngati zatha."

"Palibe chimene ndikukonza."

"Ndiye wamukhululukira?"

Anasisita mimba yake, yomwe tsopano inali itaonekera, akuyang'ana mashelefu a mabotolo.

"Ndinakhala pansi kufunafuna chofanana ndi mawu aja, Asidi. Ndinafufuza ndithu, ukundidziwa. Chilichonse chimene ndinachipeza chinkadutsa pa mwanayu. Ndiye ndangosiya kuwerenga."

Sindinamvetse bwino, kapena ndinene kuti sindinafune kumvetsa. Nthawi yake yopuma pantchito itakwana, anauza mwamuna wake kuti akakhala kwa mkulu wake, amene nyumba yake ili pafupi ndi chipatala. A Ndiyekuti anavomera msanga, anati n'zomveka, mtunda ndi waufupi. Anamunyamulira okha zikwama, osadabwa kuti munthu wokachira akutengeranji mabuku ake onse a masamu ndi makina osokera. Desiki ya kumanja kwanga inatsala yopanda kanthu, ngakhale kapu.

Mwana anabadwa Lachinayi mmawa. Mkulu wake wa Onetsanjira anaimbira ine, ine n'kuuza a Ndiyekuti pakati pa phunziro. Anasiya samu ili theka pabolodi. Anathamangira kunyumba kukatenga beseni lija, anaikamo matewera ndi kabulangete, ndipo ine ndinakwera kumbuyo kwa njinga nditalikumbatira. Njira yonse ankalankhula. Ankati mwanayo adzayamba kuwerenga asanayambe kuyenda, ankati chipinda anachipaka kale penti, ankandifunsa ngati akhanda amaona mitundu.

Pakhomo la wodi tinakumana ndi anesi, mayi wamfupi wosaseka.

"Nthawi yoona odwala sinakwane. Pano akulowa ndi bambo a mwana ndi abale okha. Mwabwerera ndani?"

Tinatchula. Bedi la Onetsanjira linali loyamba, pafupi ndi khomo pomwepo. Anali atatsamira pilo, nkhope yotopa, kamwana katakulungidwa pachifuwa pake, mkulu wake atakhala m'mbali. Anesi anakankha chitseko pang'ono.

"Mayi, kuli alendo anu. Awa ndi ndani?" analoza ine.

"Ndi m'bale wanga, alowe."

"Nanga bambowa?"

Onetsanjira anawayang'ana a Ndiyekuti, amene anali atanditengera beseni lija n'kulinyamula patsogolo, akumwetulira mpaka m'makutu, khosi litatalika kufuna kuona kankhope ka mwana.

"Ndi aphunzitsi anzanga," anatero. "Timagwira ntchito ofesi imodzi."

"Ndiye mudikire panja, bambo, mpaka nthawi ikwane," anatero anesi.

A Ndiyekuti anaima ngati awathira madzi ozizira. Kenako, ine ndikuona, anayamba kuseka. Anaseka ndi mtima wonse, kuseka kwa munthu amene wamasulidwa chingwe.

"Wabweza! Alamu, mwamva? Wabweza! Anangoisunga nthawi yonseyi!" Anasendera pachitseko, n'kukweza mawu kudutsa paphewa la anesi. "Mayi, ndalandira. Yandipweteka, ndipo ndi ya mlingo wake ndendende, sindiwonjezera. Zalingana tsopano. Akutulutsani liti, ndidzakutengeni tizipita kwathu?"

Azimayi a mabedi ena anatembenuka. Mwana anagwedezeka, Onetsanjira anamukonza kansalu kumutu, ndipo poyankha sanakweze mawu n'komwe. Munalibe mkwiyo m'mawu akewo, ndipo ine ndikanakonda ukanakhalamo.

"Sindinabweze kanthu, aphunzitsi. Anesi andifunsa, ine ndayankha."

Kuseka kuja kunatsalira pankhope pawo kanthawi, kusowa kolowera. Anesi anali atagwira chitseko, akundiyang'ana kuti ndilowa kapena ayi. Beseni linayamba kupendekeka m'manja mwa a Ndiyekuti, matewera akufuna kugwa, choncho ndinawalanda beseni lija n'kulowa nalo ndekha.